Magazi aja anali a alongo athu: kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo ku Malawi

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, akuluakulu a National AIDS Commission, aphungu a komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, ndi mabwana a ku ofesi ya kazembe wathu kuno ku South Africa,

Odi kumeneko, nkhani yanga ndi ya kafukufuku wa katemera wa HIV. Ine ndine mwana wanu wa ku Ntcheu, kuno ku Joni ndatha zaka 11, ndimakhala ku Alexandra. Si ine dokotala ayi, sukulu ndinalekezera folomu 4, ntchito yanga udalaivala basi. Ndiye mukaona Chichewa chikupita uku ndi uku mundikhululukire, ndikulemba pa foni usiku anzanga ogona nawo chipinda atayamba kale mkonono.

Kwa zaka 6, mpaka mu Malichi 2025, ndinkayendetsa kabaki ka kampani ina yaing'ono, katundu wake makulabokosi, mkati mwake timabotolo ta magazi. Mmawa kutenga ku makiliniki a kafukufuku, Soweto, Hillbrow, Tembisa, nkuthamangira nawo ku labu. Poyamba ndinkangoti katundu ndi katundu, kaya magazi kaya matayala bola renti ilipidwe. Tsiku lina ndinachedwa ola lathunthu, pa N3 panagwa thiraki, ndiye mayi wina wa mu labu amene ankandisayinira mapepala anandikalipira ngati mwana wake, kenako mtima utatsika anandipatsa tiyi nkundifunsa kuti achimwene, koma mukudziwa chimene mwanyamulacho? Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu wovuta, aliyense wovala gauni loyera ndinkamupanikiza ndi mafunso mpaka ena akandiona ankalowera khomo lina. Zimene ndinatolatola ndi zimene ndikulemba apa, osati poti inu simuzidziwa, mumadziwa kuposa ine kutalitali, koma kuti muone mmene nkhaniyi imaonekera kwa munthu wonyamula bokosi.

Ku chipatala kwathu amatiphunzitsa za asilikali a mthupi. Pa zida za asilikaliwo pali zina amati ma antibody, tinthu timene thupi limasula kuti tikamamatire pa kachilombo nkukalepheretsa kulowa mu selo. Katemera amene tinabayidwa tili ana, wa chikuku uja, ntchito yake yaikulu ndi imeneyo, kuonetsa thupi nkhope ya mdani lisanakumane naye. Nanga bwanji HIV zaka zoposa 40 katemera kulibe? Chifukwa kachilombo aka kalibe nkhope imodzi. Kamasintha mwachangu moti mthupi la munthu mmodzi yekha mumakhala mitundumitundu, thupi likamaliza kusula chida cha kachilombo ka mwezi watha, ka mwezi uno kavala kale malaya ena. Komanso kunja kwake kanadzikuta ndi shuga, inde shuga, wofanana ndi amene ali pa maselo athu omwe, ndiye asilikali akayang'ana amayesa ndi mwana wa pakhomo pomwepo. Ndipo kakangolowa, mmasiku ochepa chabe kamakhala katabisala kale mkati mwa maselo, osatulukamonso. Ndiye katemera wa HIV alibe mpata wochedwa olo pang'ono, ayenera kukagwira kadakali pakhonde.

Koma pali anthu ena, ochepa, amene akakhala ndi kachilombo zaka ziwiri zitatu thupi lawo limafika potulukira chinyengocho. Limayamba kupanga ma antibody osalimbana ndi malaya, amalunjika pamalo pamene kachilomboko sikangasinthe, monga pa kiyi amene kamatsegulira chitseko cha selo ya CD4, poti kakasintha kiyiyo ndiye kuti kadzitsekera kokha panja. Amenewa a mu labu amawatcha ma bnAb, amagwira mitundu yambiri ya HIV nthawi imodzi. Mwiniwakeyo samuchiritsa, amabwera mbala italowa kale nkupeza pogona. Koma atakhala mthupi la munthu amene alibe kachilombo, akudikira pakhomo, apo nkhani ndi ina.

Apa mabwana mumvetsere. Mmodzi mwa ma antibody amphamvu kwambiri amene anapezekapo anachokera mmagazi a mayi wina wa ku KwaZulu-Natal, dzina lake satchula, mmapepala amangoti CAP256. Mayiyu anali mu kafukufuku wa CAPRISA, bungwe la ku Durban la a Salim Abdool Karim ndi akazi awo a Quarraisha, anatenga kachilombo, patapita miyezi yochepa nkutenganso mtundu wina pamwamba pake, ndipo kwa zaka ankabwerabe kudzapereka magazi osatopa. Ena mwa amene anafufuza magaziwo ndi a Lynn Morris ndi a Penny Moore a ku NICD, labu ya boma yofufuza matenda opatsirana, ku Sandringham pa Modderfontein Road pompa, kuchoka ku Alex mphindi zochepa pagalimoto, mothandizana ndi anzawo a ku America, ndipo anazilengeza mu 2014. Antibody wa mayiyu ali ndi mkono wautali modabwitsa, ngati ngowe yothyolera mango, umadutsa pakati pa shuga uja nkukakola pansonga penipeni pa kachilomboko. Ine mpaka lero ndikamadutsa pa geti imeneyo ndimachepetsa liwiro ngati ndikudutsa pakhomo pa apongozi.

Tsono tibwere kwathu. Mu 2016 kunayamba kafukufuku wotchedwa AMP, ankafuna kuona ngati antibody wina, VRC01, amene anapezeka ku America mu 2010, angateteze munthu atamuthira mthupi pa dripi. Kuno ku Africa analowamo amayi pafupifupi 1,900 a mmaiko 7, Malawi momwemo, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mlongo wanga wondipondera anali mmodzi mwa iwo. Miyezi iwiri iliyonse kukwera minibasi kuchoka ku Kawale, kukakhala pampando dripi ili pamkono, maulendo khumi athunthu, osadziwa ngati akumuthira antibody weniweniyo kapena madzi amchere chabe poti kafukufuku amayenda choncho, olo nesi womuikayo sadziwa. Oyandikana nawo nyumba ndiye anayamba zawo, ati akugulitsa magazi, ati walowa zasataniki, ena ati ali nako kale akungobisa. Kumbukirani kuti 2017 ndi chaka chija cha mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa ndithu chifukwa cha nkhani ya magazi. Alamu anga anatsala pang'ono kumubweza kumudzi, inenso pa foni ndinamuuza kuti iwe tasiya zimenezo ukwati ungathe, ndipo ndimachita nazo manyazi lero. Iye sanasiye.

Zotsatira zinatuluka mu Januwale 2021. Mukawerenga mutu wa nkhani wokha mungati zinakanika, poti VRC01 payekha sanateteze mokwanira. Koma mkatimo munali china. Pa mitundu ya kachilombo imene antibody ameneyu amaigwira bwino, anachepetsa kutenga ndi pafupifupi 75 peresenti, vuto linali loti mitundu yoteroyo inali yochepa, pafupifupi itatu pa khumi iliyonse. Ndiye kwa nthawi yoyamba dziko linaona ndi maso kuti antibody akhoza kutchinga HIV mwa munthu, osati mwa anyani a mu labu okha ayi, komanso anaphunzira kuti mmodzi sakwana, pakufunika kuphatikiza awiri atatu ngati mmene ma ARV amakhalira mankhwala atatu mu piritsi limodzi. Umboni umenewo unadutsa pamkono wa mlongo wanga, ndi pa mikono ya amayi anzake a ku Ndirande, ku Bangwe, ku Area 25, amene lero akungogulitsa tomato pamsika wina aliyense osadziwa chimene anachita.

Sindikubisirani, msewu umenewu magalimoto afera ambiri. Ku Thailand mu 2009 katemera anateteza 31 peresenti yokha. Atamukonzanso kuti agwirizane ndi mtundu C wa kachilombo umene uli kuno kummwera, mu kafukufuku wotchedwa Uhambo, anthu 5,400, anamuimitsa mu Febuluwale 2020 sanagwire. Katemera wina mu kafukufuku wa Imbokodo, amayi 2,600 kuphatikizapo a ku Malawi, mu 2021 chimodzimodzi. Kafukufuku wa Mosaico nayenso mu 2023 basi. Akatemera onsewa sankapangitsa thupi kutulutsa ma bnAb aja, ndiye nzeru zinatembenuka.

Nzeru yatsopanoyo ine inandigwira mtima. Mthupi la pafupifupi aliyense muli timaselo tosowa kwambiri, tikhanda, timene titaleredwa bwino tikhoza kudzapanga ma bnAb. Ndiye jakisoni woyamba ntchito yake kungotidzutsa, wachiwiri wosiyanako pang'ono kutikankhira patsogolo, wachitatu chimodzimodzi, ngati mwana wa sukulu, sungamupatse mayeso a MSCE tsiku loyamba, amayamba sitandade 1 kuphunzira a e i o u. A IAVI ndi a Scripps, mabungwe a kafukufuku, atayesa jakisoni woyambayo ku America, mwa anthu 36 timaselo tinadzuka mwa 35, zotsatira anazisindikiza mu 2022. Kenako anayesa wa mRNA, njira ya katemera wina wa Covid uja, ku Kigali ndi ku Tembisa kuno ku Aurum Institute, anthu 18 okha, ndipo mu 2025 zinadziwika kuti matupi a anthu a kuno nawonso amayankha. Ena mu mayeso a mRNA anatuluka ziwengo pakhungu, akufufuzabe. Ndiye musamve ngati ndikunena kuti katemera wapezeka ayi, mwanayo ali sitandade 1 kulowera 2. Koma ndi koyamba kuti alembetsedwe sukulu nkomwe.

Ndiye mwana wangoyamba sukulu chonchi, wolipira fizi nkuchoka. Mu Januwale 2025 a Trump anaimitsa thandizo la kunja, mu Febuluwale nkusayinanso lamulo lina lodula thandizo ku South Africa. Panali gulu la asayansi a mu Africa muno lotchedwa BRILLIANT, maiko 8, lotsogoleredwa ndi a Glenda Gray ndi South African Medical Research Council, USAID inalonjeza madola 45 miliyoni, anatsala masiku ochepa kuti ayambe kubaya anthu oyamba, kalata nkufika kuti imani. Katemerayo anatsala mu filiji. Ife a mabokosi zinatipeza mu Malichi, maulendo anachoka pa asanu patsiku kufika pa umodzi, kenako bwana anangotiitana nkuti anyamata kontilakiti yatha. Pano ndikuyendetsa njinga yamoto kuperekera anthu zakudya ku Sandton. Mayi wa tiyi uja ndinakumana naye pa Park Station akubwerera kwawo, munthu wa madigiri awiri. Sindikulira ntchito yanga ayi, ntchito ku Joni imabwera imapita. Chikundipweteka nchoti makolo anatiuza kale kuti mlendo ndi mame, ife tinamanga nyumba yonse pa mame.

Ndikudziwa ena mwa inu muti nanga si kwabwera lenacapavir. Zoona, ndipo ndi chinthu chachikulu, jakisoni kawiri pachaka, mu kafukufuku wa 2024 ku South Africa ndi Uganda atsikana oposa 2,000 amene anabayidwa panalibe olo mmodzi anatenga kachilombo. Mubweretseni msanga, musachedwe naye. Koma ameneyo si katemera, ndi mankhwala, amatha mthupi, miyezi 6 ikakwana uyenera kubwereranso pamzere, ndipo chaka chilichonse wina ayenera kulipira. Ine ndimakhala ndi anyamata a kwathu amene amasuntha ngati madzi, mwezi uno ali ku Diepsloot mwezi wamawa ku mafamu a ku Western Cape, Disembala ali ku Mangochi, mapepala alibe, pa kiliniki akuopa kufikapo poti masiku ano pa mageti ena pamaima magulu ofunsa ID, ngakhale malamulo a dziko lino amati chithandizo ndi cha aliyense. Alipo amene ma ARV awo amachita kubwera pa basi mu katoni ya ufa ndi usipa, basi ikagona pa Beitbridge masiku awiri iwonso adumphitsa masiku awiri. Munthu wotereyu deti ya miyezi 6 aisunga bwanji? Chomuyenera ndi chinthu choti thupi lake liphunzire lisunge lokha, awoloke nacho boda popanda womufunsa.

Pempho langa lalikulu ndi ndalama, ndinene mosazungulira. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, zaka zambiri sitifikapo, ndipo ntchito ya HIV kwathu gawo lalikulu kwambiri amalipira ndi Global Fund ndi PEPFAR ya boma la America. Ndikudziwa kuti kwathu mafuta akusowa, feteleza wadula, foreksi kulibe, sindikulota kuti Malawi apanga katemera yekha. Koma aphungu inu, mu bajeti muikemo mzere umodzi, olo wochepa, wolembedwa kuti kafukufuku wa katemera wa HIV, woti mlendo akachoka mafiliji osunga magazi asazime ndipo manesi ndi anyamata a mu labu amene anaphunzira ntchitoyi zaka khumi asakathere kuno kudzayendetsa njinga ndi ine. Anthu tili nawo, ku KUHeS, ku Malawi-Liverpool-Wellcome, ku UNC Project ku Lilongwe, ku Johns Hopkins pa Queens. Kafukufuku wa HPTN 052 amene mu 2011 anaonetsa kuti munthu womwa ma ARV bwino amachepetsa kupatsira mnzake ndi 96 peresenti, mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre analimo. Option B+, ndondomeko yopatsa amayi oyembekezera amene ali ndi kachilombo ma ARV moyo wonse, anayamba ndife mu 2011 dziko lonse nkutsatira. Katemera wa malungo tinali oyamba kupereka kwa ana mu Epulo 2019. Si ife owonerera mpira ayi, takhala tili mu timu, kungoti jezi ndi yobwereka. Ndipo amene waponyapo kangachepe pa chopereka amakhala ndi pakamwa pa msonkhano, amene sanaponye amangowomba mmanja.

Pakamwa pameneponso mupagwiritse ntchito. Kafukufuku aliyense asanayambe kwathu amadutsa mmakomiti anu ovomereza. Pamenepo ndi pofunsa molimba kuti chinthuchi chikadzagwira ntchito, amayi a kuno adzachipeza liti ndipo pa mtengo wanji, zilembedwe papepala asanatenge botolo loyamba la magazi. Ma ARV amphamvu anayamba kupulumutsa anthu ku maiko olemera mu 1996, kwathu aulere anafika mu 2004. Zaka 8 zimenezo ine ndinali mnyamata wokumba nawo manda kumudzi, sabata zina kawiri katatu, mpaka adzukulu tinkachita kusinthana makasu. Mzere umenewo sindikufuna tidzaimenso kumapeto kwake, makamaka pa chinthu chimene magazi ake tinapereka ndife.

China chosadula nkomwe ndi mawu. A kafukufuku anawaitana amayi aja nkuwafotokozera zotsatira bwinobwino, koma oyandikana nawo amene ankanena zasataniki sanali mu holo imeneyo. Nkhani ngati iyi imafuna pakamwa pa munthu wamkulu, pa wailesi, mChichewa, mChiyao, mChitumbuka, osati mu lipoti lachizungu la masamba 80 lokawerengedwa ku hotela ku nyanja. A Nduna mutangonena kamodzi pa 1 Disembala kuti amayi amene munapita pa dripi zikomo, munathandiza dziko lonse lapansi, magazi anu sanagulitsidwe, anakachita chakutichakuti, mungachotse chitonzo pa makomo ambiri. Ndipo mukhala mukulimiratu munda. Mu Meyi 2021 tinawotcha katemera wa Covid pafupifupi 20,000 atadutsa deti, pa zifukwa zake panalinso mantha a anthu ndi mphekesera za pa WhatsApp. Katemera wa HIV akadzabwera adzakhala wa majakisoni angapo otsatizana, wina akadzangonong'oneza kuti akukuikani kachilombo, mudzawotchanso. Kufotokoza kuyambe pano mwana adakali sitandade 1.

Kwa inu a ofesi ya kazembe, ife matchona mutiwerengeko. Mukamakumana ndi atsogoleri a magulu a Amalawi kuno, a mmipingo, a mmizikiti ya ku Mayfair, a mabungwe a maliro, nkhani isamangokhala ya mapasipoti ndi kutumiza mitembo. Itanani mmodzi wa asayansi awa, ali pafupi pompa, adzatifotokozere, wina amasulire. Komanso kambiranani ndi anzanu a kuno kuti munthu woyamba jakisoni ku Zomba athe kupitiriza ku Tembisa ndi kabuku kake komweko. Kachilomboka pa boda sikadindisa, mtundu C uli ku Hillbrow ndi womwewo uli ku Lunzu.

Amalume anga anali a Theba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 migodi ya kuno itayamba nkhani yoyeza Amalawi magazi, maboma awiri anakangana, mapeto ake anthu masauzande anabwezedwa kumudzi, iwo anali mgulu limenelo, anafika ndi sutikesi ndi wailesi basi. Mpaka kumwalira kwawo ankati magazi a Mmalawi ku Joni amangowayeza pofuna kumuthamangitsa. Ndikanakonda akanakhalapo ndiwauze kuti mphwawo ananyamula magazi mu mzinda womwewo zaka 6, ndipo ulendo uno ankawayeza pofuna mankhwala.

Disembala ndikubwera, basi ya pa Park Station, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kulowera pa Dedza. Ndikafikira ku Kawale. Mlongo wanga nthawi iliyonse ndikafika amandifunsa funso limodzi lomwelo akupakula nsima, achimwene inu mumakhala kufupi ndi ma labu, zija tinkapitira pa dripi zija zili pati? Chaka chino mwana wake wamkazi walowa folomu 2.

Ine wanu,
Dalaivala wa ku Alex